Ndinawatcha Anthu Osadziwika

Ku ofesi kwathu aliyense ankadziwa kuti ndili ndi nyumba ku Lulimile, dera la kumalekezero a tawuni ya Lichinga, chifukwa sindinkalola sabata kutha osaitchula. Njerwa zowotcha, malata atsopano, khonde la simenti, mitengo ya mapeyala kuseri. Ndinkati "kintali yanga", ndiye kuti bwalo langa, "mpanda wanga", mwina mpaka anzanga ankatopa nazo. Chimene sindinkanena n'chakuti ukatuluka khomo lakuseri n'kudutsa mapeyalawo, wafika pabwalo la apongozi anga, ndipo dothi lonselo, kuyambira pamsewu mpaka kumunda wa nyemba, ndi lawo. Ine ndine mkamwini. Mawu ake ndi aafupi, koma anandikanika kutuluka pakamwa zaka zoposa makumi awiri.

Kwathu kwenikweni kulibe. Mudzi wathu unapsa pa nkhondo ine ndili mwana, tinathawira ku Malawi ine ndi amayi, ndipo amayiwo anatsala komweko, m'manda a anthu othawa kwawo. Nkhondo itatha ndinatsika lole mu Lichinga ndili mnyamata, ndi bulangete limodzi ndi thumba la pulasitiki. Ndinkasenza matumba pamsika. Pamenepo m'pamene ndinaona mtsikana wogulitsa mbatata ya kachewere pamodzi ndi amayi ake. Nawonso anali atathawira ku Malawi, koma iwo pobwera anapeza minda yawo ya ku Lulimile ilipo, nthawi imeneyo kukali tchire ndi chimanga. Titadalitsa ukwati kutchalitchi, amayi akewo analoza ngodya ya munda ndi mpini wa khasu, nauza mwana wawo mokweza kuti ine ndimve: "Uwauze amange apo."

Pambuyo pake ndinabwerera kusukulu, ndinalowa ntchito ya ukalaliki m'boma, ndinayamba kumanga tayi. Mu ofesimo muli anzathu ochokera kumwera, kumene mwamuna amatenga mkazi kupita naye kwawo, ndipo nthawi ya tiyi ankakonda kuseka kuti amuna a kuno ku Niassa sakwatira, amakwatiwa. Ine ndinkaseka nawo, kuseka kwambiri kuposa onse. Pajatu ine ndine wa mtima wapachala komanso wokonda ulemu, zinthu ziwiri zimene malemu mkazi wanga ankati zidzandigwetsa m'dzenje tsiku lina.

Apongozi anga sindinayambanepo nawo. Tinkakhala monga mwambo umanenera. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'maudzu n'kunyonyomala, iwo n'kutembenuzira nkhope kumbali, moni tinkapatsana chapatali. Sitinadyepo m'mbale imodzi, sitinakhalepo pamkeka umodzi, ndipo nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali basi. Mlendo akanaganiza kuti timadana, koma umenewo ndiwo ulemu wake. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, mwana wawoyo akakhala palibe ankauza nkhuku, ine n'kumamva. Chaka chilichonse mbatata yoyamba kukumbidwa ndinkaipeza m'dengu pakhonde panga.

Mkazi wanga anadwala nthawi yaitali ndithu, namwalira mkati mwa dzinja, mvula ikugwa. Anandisiyira ana atatu: mtsikana wamkulu amene amaphunzira unamwino ku Nampula, ndi awiri aang'ono a pasukulu. Za maliro sindilemba, sindinafike poti n'kuzilemba.

Kuzizira kutayamba, alamu anga aakulu, achimwene ake a malemu, anabwera pakhomo Loweruka lina masana. Ndi munthu wofatsa, mmisiri wa matabwa. Anakhala pakhonde chipewa chili pabondo, nati, "Alamu, tikamaliza kukolola nyemba tikhale pansi, tikusudzuleni."

Kusudzula n'kumasula munthu wofedwa. Abale a malemu amasonkhana, amakuthokoza, n'kukuuza kuti ukwati watha, ndiwe mfulu, ungathe kubwerera kwanu. Ana amatsala, chifukwa ana ndi a kuchikazi. Ndinkadziwa bwino kuti nthawi zina mkamwini wakhalidwe amauzidwa kuti akhale alere ana. Koma khutu langa linagwira mawu amodzi okha: kwanu. Kwathu kuti? Kumanda a ku Malawi kuja? Ndinayankha kuti ndamva, mawu ali gwa, ndipo alamuwo sindinawaperekeze n'komwe.

Sabata yomweyo mlamu wanga wamng'ono, amene amayendetsa takisimota, njinga yamoto yonyamula anthu, anaima ndi njinga yake pamsewu, kutsogolo kwa nyumba, ali ndi munthu kumbuyo. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikuthirira mpiru. Ndinamumva ndi makutu angawa akuuza munthuyo kuti, "Iyi posachedwa ikhala ya lendi. Ili pafupi ndi msewu, aphunzitsi adzailimbirana." Asa!  Ndinaona ana anga akugona kwa agogo awo pamphasa, ine ndili m'kachipinda ka lendi ku Namacula, ndi bulangete limodzi ngati kale lija. Apa sindikunama ndipo sindikudziikira kumbuyo: ndinachita mantha kwambiri.

Pafoni panga panali gulu lina lolemberana mauthenga limene mnzanga wa ku ofesi anandilowetsamo kalekale. Mwini wake ndi mayi wina loya, wa kutali ndi kuno, amene amayankha mafunso a zamalamulo kwaulere akapeza mpata. Tonse timawatcha adotora, monga maloya amatchulidwira kuno. M'gululi muli theka la Lichinga: aphunzitsi, anamwino, akalaliki, ogulitsa nyemba, ngakhale akulu a mpingo. Pamwamba penipeni adotora anaikapo uthenga umene suchoka, wopempha kuti wofunsa afotokoze bwino: nkhani yachitikira kuti, anthu ake ndi ndani, pali ubale wanji, pali mapepala anji, inayamba liti. Ine ndinali nditauwerenga kangapo, ndipo ndinkaseka anthu amene amalemba mzere umodzi ngati akuitanitsa makala.

Lolemba nthawi ya nkhomaliro anzanga atatuluka, ndinayamba kulemba. Ndinayamba bwino ndithu: "Mkazi wanga atamwalira, abale ake..." Ndiye chala chinaterereka n'kutsegula mndandanda wa anthu a m'gululo. Abwana anga alimo. Mnzanga wa tebulo loyandikana nane alimo. Mmodzi wa anzathu a kumwera aja, wa nthabwala za amuna okwatiwa, alimonso, chithunzi chake chikundisekerera. Ndinafufuta zonse. Ndinakhala tsonga, n'kukonza tayi, n'kulemba m'Chipwitikizi chokhwima cha mu ofesi, chija timalembera nduna:

"Ndili ndi nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata, imene ndinamanga ndi thukuta langa. Anthu ena osadziwika akufuna kundichotsamo. Lamulo likuti chiyani?"

Ndinawerenganso n'kudziyamikira kuti palibe bodza lalikulu, pangokhala kufupikitsa.

Adotora anayankha madzulo ake, koma osati ndi lamulo. Anayankha ndi mafunso. Anthuwo ndi ndani, ndipo mumawadziwa bwanji? Malowo munawapeza bwanji, munagula, munapatsidwa, kapena ndi a makolo? Muli pabanja? Muli ndi ana? Akuti akuchotseni chifukwa chiyani?

Ndinapsa mtima. Ine ndafunsa lamulo, sindinabwere kudzaulula machimo kwa ansembe! Mayi ameneyu akufuna andivule pagulu? Ndinayankha mwachidule ngati ndikubweza kalata yolakwika: "Malowo ndakhalapo zaka zambiri. Anthuwo alibe pepala lililonse. Zina zonse n'zosafunika." Zinali zoona kuti alibe pepala. Inenso ndinalibe.

Yankho linabwera. Adotora anati ngati zilidi momwe ndaneneramo, kuti anthu achilendo opanda ufulu uliwonse akuopseza munthu m'nyumba yake, ndiye kuti palibe amene angandichotse ndi mphamvu, ndipo ndingathe kukadandaula kupolisi asanachite kanthu. Pansi pake panali mizere ina, yoti sindinawauzebe kuti anthuwo ndi ndani, ndipo ngati pali ubale kapena nkhani ya chuma cha masiye, yankho lawo lisintha ndipo ndisachite kanthu ndisanawafotokozere. Mizere imeneyo maso anga anaidumpha ngati chithaphwi. Anzanga anayamba kuthira ndemanga: "Musalole, shefi, bwana wathu!" "Akuba malo achuluka!" Ndinatupa. Ndinagona bwino kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro.

M'mawa mwake ndinapita kupolisi. Wapolisi wolandira madandaulo anafunsa mayina, ndinatchula alamu anga awiri aja. Anafunsa kuti ndi ndani anga, ndinati oyandikana nawo. Anandipatsa pepala lowaitana kuti ndikapereke kwa asekeretariyu a bairu yathu, ndiye kuti alembi a dera lathu, amene amafikitsa zoterezi kwa eni ake. Asekeretariyuwo ndi mkulu amene anasenza nawo bokosi la mkazi wanga. Anawerenga mayinawo, n'kuvula magalasi.

"Shefi, mwaganiza bwino?"

"Ntchito yanu n'kupereka, osati kufunsa," ndinatero.

Anapinda pepalalo. Ndipo sanalipereke kwa alamu. Analipititsa kumene nkhani zonse za banjalo zimapita, kwa amayi awo.

Tsiku lake kunacha ndi nkhungu, kuzizira kwa mu Lichinga kuja kolowa m'mano. Ndinavala jekete ndi tayi, foni nditaidzaza moto. Kupolisiko, pakhonde lodikirira, pali benchi imodzi yaitali, ndipo inali itadzaza kale ndi anthu a milandu yawo. Ndinapeza kampata kumapeto n'kukhala. Alamu anga anafika n'kuima potsamira khoma, osandiyang'ana. Kumbuyo kwawo kunalowa munthu amene sindinamuitane. Anali atafunda nsalu ziwiri, chipewa cha ubweya kumutu, ndipo mkati anavala juzi yobiriwira imene ndinaidziwa nthawi yomweyo, chifukwa ndinagulira mkazi wanga ndine.

Ndinadzambatuka kuti ndipatuke, monga ndachitira moyo wanga wonse. Koma pakhonde la polisi palibe maudzu opatukiramo. Wapolisi wamkazi anandikalipira kuti ndikhale pansi ndisatseke njira, kenako anauza mnyamata amene anali pambali panga kuti anyamuke. "Agogo, khalani apa." Apongozi anga anakhala. Phewa lawo linagunda langa.

Kalanga ine! Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinayang'ana nsapato zanga zopolishidwa, pambali pake pali mapazi awo m'masilipasi, atachita mbuu ndi kuzizira. Ndinkamva fungo la utsi ndi sopo. Ndinkamva kupuma kwawo, ndipo pachifuwa pawo pankalira ngati kamwana ka mphaka. Zaka zonsezi ndakhala kuseri kwa mapeyala, sindinkadziwa kuti amavutika kupuma. 

Atatiitana tinalowa tonse. Wapolisi wofunsa anali bambo wachikulire, wa kuno komweku, ndipo anayamba m'Chipwitikizi koma ataona agogowo anatembenukira ku Chinyanja. Anawerenga dandaulo langa, loti oyandikana nawo akufuna kundilanda nyumba. Anafunsa alamu mayina awo. Kenako analoza ndi cholembera.

"Nanga amayiwa ndi ndani?"

Apongozi anayankha okha, mawu ali phee: "Afunseni iwowo."

Wapolisi anandiyang'ana.  Ndinayankha chapansipansi.

"Ndi apongozi anga."

"Apongozi anu? Ndiye awa ndi alamu anu?"

"Inde."

"Nyumbayo ili pamalo a ndani?"

Ndinazyolika. Alamu aakulu anayang'ana padenga.

"Akazi anu ali kuti?"

"Anamwalira."

Wapolisi anaika cholembera pansi pang'onopang'ono. "Bambo, nkhani ya kusudzula mwabwera nayo kupolisi? Alipo wakumenyani? Alipo wakutulutsirani katundu panja?" Ndinati ayi. Ndiye uchitsiru unandigwiranso, pajatu ukayamba sumangosiya. Ndinatulutsa foni kuti aone kuti sindinabwere ndekha, ndatumidwa ndi loya. Anailandira, anawerenga pamwamba, n'kutsitsa ndi chala chake chachikulu mpaka pansi. Mizere ija ndinaidumpha anaiwerenga mokweza, n'kuimasuliranso m'Chinyanja kuti agogo amve. Anandibwezera foni nati nkhaniyi si ya polisi, tikakambirane kunyumba, zikakanika pali khoti.

Panja mlamu wamng'ono anayamba kubwebweta, anthu a takisimota anzake atatizinga. Ankati ndawachititsa manyazi, ankati mkamwini asamakule mwendo, ankati mawa lomwe ndione msana wa njira. Apa m'pamene ndinadziwa kuti uthenga wanga wa pagulu uja anali ataumva kale onse, chifukwa akazi a alamu aakulu ndi aphunzitsi ndipo ali m'gulu lomwelo. Anawawerengera apongozi mawu ndi mawu.

Apongozi anakweza dzanja, mwana wawo anakhala chete. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba. Ndinaona kuti maso awo ndi a mkazi wanga.

"Uyu," anatero akuloza wamng'onoyo, "ndakhala ndikulimbana naye chichitikire maliro. Ndinamuuza kuti nyumba ija saikhudza ine ndili moyo. Ndimati tsiku losudzulalo ndiimirire pamaso pa anthu, ndinene kuti akamwini asapite, alere adzukulu anga pomwepo. Tsono poti sitidziwana, ndikanena za ndani?"

Anakwera kumbuyo kwa njinga ya mwana wawo, n'kukoka nsalu kuphimba juzi ija. Ine ndinatsala nditagwira foni. Ku ofesi sindinapite tsiku limenelo, ndinayenda wapansi mpaka ku Lulimile podzera njira zakuseri.

Loweruka mwana wanga wamkulu anatulukira kuchokera ku Nampula osandiuza, fumbi la basi lili m'tsitsi. Azakhali ake, akazi a alamu aakulu aja, anali atamutumizira zonse. Anayamba wapita kwa anganga ake, monga amawatchulira agogo akewo, ndipo anakhalako mpaka madzulo. Kwa ine sanalankhule za nkhaniyi mpaka Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi, ang'ono ake atapita kosewera. Anatulutsa mipando iwiri pakhonde, padzuwa.

"Ababa, ndibwerekeni foni."

Anatsegula gulu lija n'kuwerenga funso langa mokweza, pang'onopang'ono, ngati mwana wophunzira kuwerenga. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa kukalipa ndimadziwa kubweza.

"Ababa, muno muli njerwa. Muli malata. Muli thukuta lanu. Amayi ali pati?"

Anapitiriza kufunsa.

"Madzi oumbira njerwazi ankatunga ndani, ine ndili kumsana? Malata a chipinda chakumsewu si mbatata zawo zija? Miyezi ingati yapita, mwawafufuta kale? Ife ana anu mulibenso. Anganga ndiwo mwawalemba, koma mwati osadziwika."

Mtima wapachala uja unayesa kudzuka. Ndinati iwe mwana, usandiphunzitse, sukudziwa mmene anthu a mu ofesi amasekera. Anandiyang'ana mpaka mawu anga anazima okha. Ndinalira. Ndinalira pakhonde, masana, anthu akudutsa pamsewu, kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda. Iye anangodikira, foni ili pamiyendo.

"Tilembenso," anatero nditatonthola. "Kusukulu amatiuza kuti wobisa matenda maliro tidzamva. Adotora aja munawabisira, ndiye anakupatsani mankhwala a munthu wina."

Ndinapempha kuti titumize kumbali, kwa adotora okha.

"Ayi. Pomwe munatikanira pomwepo."

"Ndiyambire pati?"

"Pomwe munatsika lole."

Ndinayamba kunena, iye akulemba. Ndinanena za nkhondo, za manda a ku Malawi, za bulangete, za msika. Ndikafuna kudumpha, ankaimitsa zala. Ndinati, "Tinapatsidwa malo." Anati, "Ndi ndani?" Ndinati, "Tinamanga nyumba." Anati, "Inu ndi ndani?" Tinalemba kuti ukwati unali wa kutchalitchi ndipo pepala lake lilipo. Tinalemba kuti malowo alibe pepala, koma bairu yonse imadziwa kuti apongozi akhala akulimapo kuyambira nkhondo isanayambe. Tinalemba ana atatu ndi misinkhu yawo, matenda, maliro, mawu a alamu aakulu, mawu a mlamu wamng'ono pamsewu paja. Tinalemba za polisi ndi za benchi. Pomaliza anandifunsa ngati pali china, ndipo ndinamuuza kuti alembe kuti ndine mkamwini, kwathu kulibe, ndipo ndikuopa kusiyana ndi ana anga. Uthengawo unatalika mpaka foni inaudula pawiri. Anandipatsa kuti nditumize ndekha, ndipo ndinadina.

Adotora anayankha Lolemba, yankho lalitali, lofatsa, loyamba ndi kupepesa maliro. Anati mwambo sungatulutse munthu m'nyumba imene anamanga ndi mkazi wake, ndipo gawo la malemu silipita kwa alongo ake pamene ana alipo. Anati bambo wamoyo salandidwa ana chifukwa chakuti mayi wamwalira. Anandiuza mapepala oti ndisunge bwino, ndi ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo kumene ndingapite nawo. Koma anati pamene pavuta ndi pa dothi: popeza palibe pepala, chimene chingateteze nyumbayo kwa anthu ngati mlamu wamng'ono ndi umboni wa mwini malo, kuti ngodya imeneyo anaipereka kwa ife ndi mtima wake. Mizere yomaliza ndinaiwerenga yonse ulendo uno, ndipo ndimaikumbukira: "Mukanandiuza izi poyamba, sindikanatchula polisi. Ndikanakuuzani kuti munthu wofunika kwambiri pa nkhani yanu ndi apongozi anu, muwasunge bwino."

Ku ofesi ndinalowa mutu uli pansi, ndikudikira nthabwala. Palibe anaseka. Nthawi ya tiyi mnzanga wa tebulo loyandikana nane anandisunthira shuga, nati, "Achimwene, mumabisa chiyani kodi? Tonse timadziwa kalekale. Lichinga ndi yaing'ono, mbatata timagula kwa apongozi anu omwewo." Ngakhale wa kumwera uja ankadziwa. Zaka zonsezo ndinkati ndabisa, pamene anthu ankangondisungira ulemu. Munthu mmodzi yekha amene sankadziwa anali adotora, amene anayenera kudziwa.

Ndinatuma asekeretariyu a bairu, omwe aja ndinawakalipira, kuti akandipepesere kwa apongozi. Anapita ndi nkhuku ndi nsalu. Nkhuku inalandiridwa, nsalu inabwerera.

Nyemba zitakololedwa tinakhala pansi pabwalo la apongozi. Anthu anabwera ambiri, ena kudzangoona mkamwini wa kupolisi. Apongozi sanaimirire, sananene kanthu, anakhala pakati pa amayi anzawo akusenda nyemba. Analankhula ndi alamu aakulu. Anandithokoza podwazika mlongo wawo, anandimasula, kenako anati, "Amayi akuti nyumba ndi ya ana, ndipo ana ali ndi bambo awo." Mlamu wamng'ono anadzuka n'kuliza njinga yake. Patapita masabata, apongozi anapita okha kwa asekeretariyu, nakanena pamaso pa mboni kuti ngodya ija anaipereka kwa mwana wawo ndi mwamuna wake, n'kudinda chala. Sanandiuze. Ndinamva kwa asekeretariyuwo.

Nyumba ndili nayo. Ndikulemba izi ndili pakhonde lomwe lija, ana anga aang'ono akukangana m'katimu za wailesi. Amapita kwa anganga awo tsiku lililonse podutsa m'mapeyala, amadya komweko, amabwera ndi nkhani. Mankhwala a chifuwa ndimagula ine, amakapereka ndi mwana wanga wamng'ono, ndipo mankhwalawo sabwerera. Koma mbatata yoyamba ya chaka chino sinafike pakhonde panga.

Tsiku lina m'mawa ndikupita kuntchito, ndinawaona akubwera panjira yopapatiza ya kumsika, dengu lili pamutu. Miyendo inachita zimene inazolowera: ndinapatukira m'maudzu a mame n'kunyonyomala, tayi ikulendewera, maso pansi. Ndinadikira moni wachapatali uja, wa nkhope yoyang'ana kumbali. Mapazi awo sanapatuke. Anafika pomwe ndinali, anaima pang'ono, n'kundiyang'ana kumaso bwinobwino monga amayang'anira aliyense wodzagula mbatata.

"Bondiya, sinyoro," anatero, moni wa m'Chipwitikizi wopatsa mlendo, n'kupitirira.